Kuzoloweretsa mutu wa kasitima katsopano musanaikemo dikoda ya DCC

Ife a ku Salima sitima timaidziwa. Njanji yochokera ku Blantyre inafika kuno mu 1935, ndipo mu 1979 inapitirira mpaka ku Lilongwe. Koma sitima zomwe ndikukamba pano ndi zina, zoti mutu wake umakwana pachikhatho, zoyenda ndi magetsi panjanji yokhomedwa pathabwa m'nyumba. Si zidole za mabatire zija ana amaswa tsiku lomwelo. Izi amazipanga motsanzira sitima zenizeni pamuyeso wodziwika. Za OO, zomwe amakonda ku Britain, amazichepetsa ka 76. Za HO, za ku America ndi maiko ambiri a ku Ulaya, amazichepetsa ka 87. Mitundu iwiriyi imayenda panjanji imodzi yotalikirana mamilimita 16.5, pamene za N, zomwe ndi zazing'ono kwambiri, njanji yake ndi ya mamilimita 9. Njanji yathu yeniyeni ndi yopapatiza, ya mamilimita 1,067, choncho wofuna kutsanzira siteshoni ya Salima pamuyeso wa HO angafunike njanji ya mamilimita 12. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tisitima timeneti kuno timafika kudzera mwa abale okhala ku UK kapena ku Joni, apo ayi munthu waitanitsa yekha pa intaneti. Palibe sitolo yapafupi yoti mukabwezeko katundu akavuta, ndipo dikoda ya DCC (kachipangizo kamagetsi koikidwa m'mutu wa kasitima kuti uzimvera malamulo otumizidwa kudzera panjanji) ikapsa mudikira ina kwa nthawi yaitali, ndalama yotumizira mutalipiranso kachiwiri. N'chifukwa chake dongosolo la ntchito limafunika kwambiri kwa ife kuposa kwa munthu wa ku Margate ku England, komwe kuli likulu la Hornby, kampani yopanga tisitimati. Dongosolo lake ndi ili: mutu watsopano uyambe wayenda pamagetsi wamba a DC (oyenda mbali imodzi) ulibe dikoda, muumve, muukhulupirire, kenako mutsegule n'kuikamo dikoda.

Zomwe zimachitika m'kati pa ola loyamba

Mukachotsa chivindikiro mupeza mota yaing'ono. M'motamo muli timabulashi tiwiri tomwe timakhudza kachigawo kamkuwa kozungulira kotchedwa commutator. Mphamvu ya mota imadutsa pagiya yopota yotchedwa worm, n'kutsika m'magiya, ambiri apulasitiki, mpaka kumawilo. Magetsi amachokera panjanji, kulowa m'mawilo, n'kutengedwa ndi timalata topyapyala tomwe timakhudza kuseri kwa mawilowo.

Zonsezi zikamachoka ku fakitale zimakhala zisanadziwane. Nkhope ya bulashi imakhala isanadyeke mofanana ndi kupindika kwa commutator, ndiye imakhudza pang'ono pokha n'kumathetheka. Mano a magiya amakhala ndi tizotsalira ta pachikombole. Girisi amamuika malo amodzi, ndipo bokosi likakhala miyezi m'nkhokwe ndi paulendo, amauma pomwepo. Wakabaza akagula njinga yamoto yatsopano sayamba ndi kukweza matumba atatu a mpunga pa liwiro lonse, amayamba waiyendetsa mofatsa kuti injini ikhazikike. Ndi chimodzimodzi apa, kungoti ntchito yake imatha pa ola limodzi.

Langizo lofala, lomwe Bachmann ndi opanga ena amalemba pakapepala ka m'bokosi, ndi theka la ola chakutsogolo ndi theka la ola chambuyo, pa liwiro lapakati, wopanda mabogi. Liwiro lapakati ndi lofunika. Mukatsitsa kwambiri, mota imavutika n'kutentha chifukwa sikuzungulira mokwanira, ndipo mukakweza mpaka pamapeto zinthu zimadyeka mwankhanza girisi asanafalikire. Ine ndimasinthasintha liwirolo pang'ono pakapita mphindi zingapo. Ngati njanji yanu ndi yozungulira, pakati pa ntchitoyi nyamulani mutuwo muutembenuze, kuti mbali yomwe inali kunja kwa khona ikhale m'kati. Apo ayi mawilo ndi timalata ta mbali imodzi tokha ndiye tizolowera kupanikizika. Mitu yambiri yamakono ya OO imafuna makhona osachepera mamilimita 438 kuchokera pakati pa bwalo kufika panjanji, omwe Hornby amawatcha second radius. Makhona a mamilimita 371 amaipanikiza, ndipo mutha kuganiza kuti mutu uli ndi vuto pamene vuto ndi njanji. Amene alibe malo amagwiritsa ntchito timawilo toikapo mutu kuti uzithamanga uli pamalo amodzi, totchedwa rolling road. N'tabwino pomvetsera phokoso, koma sitikuuzani momwe mutu uchitire pakhona kapena pamphambano.

Musayale njanji pansi kapena pamkeka. Mchenga wa kuno ndi wosalala, umalowa m'magiya n'kusakanikirana ndi girisi, kenako n'kumapala mano. Maginito a mota nawo amakoka kachitsulo kalikonse kali pafupi. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala, pamene m'nyumba ya malata simukhalika masana, ntchitoyi ichitike m'mamawa kapena madzulo. Pakatha mphindi khumi zilizonse gwirani pamwamba pa mota. Kufunda n'kwabwinobwino. Kukafika poti chala sichikupirira, imitsani.

Ola limeneli ntchito yaikulu ili m'makutu ndi m'maso mwanu. Mutu wabwino phokoso lake limanka lichepa, ndipo liwiro limakwera lokha pang'ono chowongolera liwiro musanachikhudze. Mukamva "tche, tche, tche" mogwirizana ndi kuzungulira kwa wilo, pali giya yong'aluka kapena kanthu kalowa pakati pa mano. Pamitu yotsanzira sitima zamalasha, yang'anitsitsani tindodo tolumikiza mawilo. Ngati mutu ukuchita ngati ukutsimphina pamalo amodzimodzi wilo likamazungulira, mawilo a mbali ziwiri sanakhale pangodya yoyenera, kapena kandodo kapindika n'kumakhula kanzake. Onaninso timabawuti togwira tindodoto, chifukwa kamodzi kakamasuka mutu uli paliwiro, kandodo kamazika pansi n'kupinda zonse. Mutu wodumpha pamphambano nthawi zambiri mawilo ake atalikirana molakwika. Pa OO, kuchokera kuseri kwa wilo limodzi kufika kuseri kwa linzake pamayenera kukhala pafupifupi mamilimita 14.5.

Muli ndi multimeter, mita yoyezera magetsi? Ilumikizeni pa waya mmodzi wopita kunjanji kuti muone kuchuluka kwa magetsi omwe mota ikudya. Mitu yamakono ya OO ndi HO ikamayenda yokha sifika theka la amp, ndipo nambalayo imayenera kutsika pang'ono kenako n'kukhazikika. Ikamakwera n'kutsika mogwirizana ndi wilo, pali pomwe pakugwira. Palinso muyeso wina wothandiza posankha dikoda, makamaka pamitu yakale yogula kwa munthu: kupanikiza mutu panjanji pa mavolti 12 (12 V) mpaka mota itaima, n'kuwerenga mita. Dikoda iyenera kupirira nambala imeneyo, ndipo zambiri za HO zimapirira pafupifupi amp imodzi. Kuyesa kumeneku kusapitirire masekondi awiri, ndipo pamota zamtundu wa coreless (zopanda chitsulo pakati pa gawo lozungulira) musayese n'komwe.

Za oyilo ndinene mwachidule. Mutu watsopano nthawi zambiri umabwera ndi wokwanira, mwinanso wochuluka. Oyilo wa galimoto, mafuta ophikira ndi WD-40 zisayandikire. Pamafunika oyilo wolembedwa kuti sawononga pulasitiki, kadontho kapansonga ya singano pamalo omwe kapepala kasonyeza. Asakhudze mabulashi kapena pomwe wilo limaponda njanji.

Chifukwa chake dikoda iyenera kudikira

Pa DC zinthu n'zosavuta. Mukakweza mavolti panjanji mutu umathamanga, mukatembenuza mbali ya magetsi umabwerera m'mbuyo, ndipo mitu yonse ili panjanjiyo imachita zofanana. DCC inabwera kudzathetsa zimenezi. Njirayi inachokera ku kampani ya Lenz ya ku Germany, ndipo bungwe la NMRA la ku America linaivomereza m'zaka za m'ma 1990 kuti ikhale muyeso wa onse. Ndiye chifukwa chake dikoda ya ESU kapena ya Zimo imamvera chowongolera cha Digitrax kapena cha NCE popanda kukangana.

Pa DCC njanji imakhala ndi magetsi nthawi zonse, pakati pa 14 ndi 16 V pa OO ndi HO, ndipo pafupifupi 12 V pa N, ngakhale palibe chomwe chikuyenda. Magetsiwo amatembenukatembenuka mbali kambirimbiri pa sekondi, ndipo uthenga uli m'kutalika kwa kutembenukako. Mbali iliyonse ikakhala mamaikulosekondi 58, ndiye kuti ndi 1. Ikakhala 100 kapena kuposerapo, ndi 0. Ma 1 ndi ma 0 amenewa amapanga timauthenga tokhala ndi nambala ya mutu, lamulo, ndi kachigawo kotsimikizira kuti uthenga wafika bwino. Madikoda onse amamva uthenga uliwonse, koma imachitapo kanthu ndi yokhayo yomwe nambala yake yatchulidwa. Dikodayo imasandutsa magetsi a panjanji kukhala DC, n'kumapatsa mota mwa kuyatsa ndi kuzimitsa mofulumira kwambiri. Nthawi yoyaka ikatalika, liwiro limakwera.

Apa ndiye pagona nkhani. Madikoda ambiri abwino ali ndi luso lotchedwa back-EMF. Mota ikamazungulira imapanganso timagetsi take, tochuluka molingana ndi liwiro. Dikoda imadula magetsi kwa kanthawi kochepetsetsa, n'kuyeza timagetsito, ndipo ikaona kuti mota yatsika liwiro imawonjezera mphamvu nthawi yomweyo. Pachitunda kapena pokoka mabogi ambiri, luso limeneli ndi lokoma zedi. Koma ganizani za mutu uja uli ndi giya yogwira. Pa DC mukanauona ukutsimphina. Dikoda ikalowamo, imakankha mota kudutsa pogwirapo ulendo uliwonse, mutu n'kumaoneka ngati ukuyenda bwino, pamene m'kati mota ndi dikoda zikutentha ndipo giya ikutha. Vuto silinachoke, langobisika.

Chifukwa chachiwiri ndi chakuti mavuto awiri akabwera pamodzi savuta kusokoneza munthu. Mukaika dikoda mumutu womwe simunauonepo ukuyenda, n'kukana, muloza chala kuti? Mota, timalata, dikoda, mawaya anu kapena nambala yolakwika? Mutu woti wayenda ola lathunthu pa DC wachotsa kale mafunso theka. Komanso ngati wogulitsa angalole kubweza, salola mutu woti mwaudula mawaya.

Chosayenera kuchita ndi kuika mutu wopanda dikoda panjanji ya DCC. Umalira "nziii" uli chiimire, ndipo mota imatentha chifukwa magetsi akuikankhira uku ndi uku. Zowongolera zina zimalola kuuyendetsa pa nambala 0, koma kutenthako sikuchoka, ndipo mota ya coreless imapsa msanga. Ngati mutu munagula uli kale ndi dikoda, musaichotse, ingouzoloweretsani pa DCC pomwepo, makutu ali tcheru kuposa kale.

Kuika dikoda

Werengani bokosi. Mawu akuti "DCC Fitted" kapena "DCC On Board" akusonyeza kuti dikoda ilimo. "DCC Ready" ndiye kuti muli soketi yokha, yotsekedwa ndi kapulagi komwe kamadutsitsa magetsi a njanji kupita kumota. Masoketi ake alipo angapo: ya mapini 6 yotchedwa NEM 651 yomwe imapezeka kwambiri pa N, ya mapini 8 yotchedwa NEM 652, ya mapini 21 yotchedwa 21MTC, komanso PluX ndi Next18. Musaitanitse dikoda musanatsegule mutu n'kuona ndi maso anu, n'kuyezanso malo omwe ikakhale. 21MTC ndi PluX22 zimaoneka ngati zapachibale koma sizilowana.

Soketi ya mapini 8 ndi yokhululuka. Pini yoyamba, pomwe pamakhala waya wa olenji, imakhala ndi chizindikiro cha 1 kapena kanyenyezi. Mukaiika chozondoka palibe chimapsa: mutu umangoyenda chobwerera ndipo nyali siziyaka, ndiye mumazula n'kutembenuza. Ya mapini 21 ilibe chifundo chotero. Ili ndi malo amodzi opanda pini oti akutsogolereni, ndipo mukaphonya mzere n'kuyatsa magetsi, dikoda yapita. Kapulagi kotseka kaja musataye, kadzakuthandizani tsiku lomwe mudzafune kudziwa ngati vuto lili mu dikoda kapena mumota.

Mitu yakale ilibe soketi, imafuna kuwotcherera mawaya. Mitundu ya mawaya ndi yofanana kwa opanga onse otsatira NMRA. Wofiira umapita kumawilo a kumanja, wakuda kumawilo a kumanzere. Wa olenji ndi wotuwa amapita kumota. Woyera ndi wa nyali yakutsogolo, wachikasu ya kumbuyo, wobiriwira ndi wapepo ndi a zina zowonjezera. Wa buluu ndi wobwererapo nyali zonse, ndipo ambiri amasokonezeka apa chifukwa wa buluuyo ndiye wa +. Nyali za LED zimafuna resistor yochepetsa magetsi, ya ma ohm 1,000 imakwana nthawi zambiri. Timababu takale pa DCC timayaka ndi mphamvu yonse nthawi zonse, ndipo timatha kusungunula pulasitiki yomwe pa DC sinkaona vuto.

Lamulo lomwe limapha madikoda ambiri likaphwanyidwa ndi limodzi: mota isakhudzane ndi njanji mwanjira ina iliyonse kupatula kudzera mu dikoda. Pamitu yambiri yakale, bulashi imodzi imatenga magetsi kuthupi lachitsulo la mutu. Mitu ina yakale ya Bachmann ndi Mainline thupi lake ndi logawika pawiri, mbali iliyonse ikunyamula magetsi a njanji imodzi n'kumakhudza mota mwachindunji. Pamenepo kudula waya kokha sikukwanira, pamafunika kutchinga pomwe mota ikukhudza chitsulo. Musanawotcherere dikoda, ikani multimeter poyeza kulumikizana, nsonga imodzi pamota, inayo pawilo lililonse, mbali zonse ziwiri. Ikalira, musapitirize. Yezaninso mutamanga timabawuti, chifukwa nthawi zina shoti imabwera pomanga.

Ngati dzanja lanu silinazolowere, achimwene okonza mafoni pa Kamuzu Road amawotcherera tinthu tating'ono kuposa timeneti tsiku ndi tsiku. Pitani ndi chojambula cha mawaya, mukhale pomwepo, ndipo muwauze kuti ayeze kaye mota asanalumikize. Chitsulo chachikulu chowotcherera mawailesi akale sichiyenera pano, cha mawati 15 mpaka 25 chokhala ndi nsonga yowonda ndiye chabwino.

Pamota zambiri pamakhala kapasita kakang'ono koletsa kusokoneza wailesi. Madikoda ena amasokonezeka nako poyeza back-EMF, mutu n'kumanjenjemera pa liwiro lotsika. Ine sindikachotsa pokhapokha vutolo litaonekadi, chifukwa kukabwezera n'kovuta kuposa kukadula. Ndipo dikoda musaikulunge ndi tepi yakuda ya magetsi. Imafuna mpweya, makamaka ndi kutentha kwa kunyanja kuno. Tepi imatidwe pachitsulo chomwe dikoda ingakhudze, dikodayo ikhale poyera.

Mukatha, chivindikiro chisabwerere kaye, ndipo mutu usapite panjanji yaikulu. Uikeni pakanjanji kapadera kolembera malamulo, komwe chowongolera chimapereka magetsi ochepa dala, osakwanira kuwotcha dikoda ngakhale mutalakwitsa waya. Werengani CV1. Ma CV ndi timabokosi ta nambala momwe dikoda imasunga makhalidwe ake, ndipo CV1 ndi nambala ya mutu. Dikoda yatsopano imayankha 3, mota n'kugwedezeka pang'ono poyankhapo. Ikakana kuwerengeka, bwererani kumawaya. Kukakamiza panjanji yaikulu kuti "mwina iyenda" ndi kumene kumatulutsa kautsi ka dikoda yopsa.

Sinthani nambala msanga, poti dikoda iliyonse yatsopano ndi 3. CV1 imalandira mpaka 127, ndipo nambala zazitali mpaka 9999 zimakhala mu CV17 ndi CV18. CV2 ndi mphamvu yoyambira: ikwezeni pang'onopang'ono mpaka mutu uzisuntha pa sitepe yoyamba ya liwiro pachowongolera. Apa mpamene ola lija limabweza phindu, chifukwa mukaika CV2 pamutu wosazolowera, pakatha sabata uyamba kudumpha ponyamuka poti magiya amasuka. CV3 ndi CV4 ndi kuchedwa ponyamuka ndi poima, CV5 ndi liwiro lapamwamba. Mitu yambiri imathamanga mopitirira sitima yeniyeni, ndiye kutsitsa CV5 kumaikongoletsa.

CV29 ndi yomwe imaopsa anthu, chonsecho ndi samu yophatikiza chabe. Mumaika 1 ngati mukufuna kutembenuza kutsogolo ndi kumbuyo, 2 kuti ikhale ya masitepe 28 kapena 128 m'malo mwa 14, 4 kuti izithanso kuyenda pa DC, ndi 32 ngati nambala ndi yaitali. Madikoda ambiri amabwera ndi 6, kutanthauza 2 ndi 4. Ngati simubwereranso ku DC, chotsani 4. Dikoda yololedwa DC ikataya uthenga kwa kamphindi, monga pambuyo pa shoti kapena magetsi akangobwera kumene, nthawi zina imaganiza kuti ili pa DC n'kuliyatsa liwiro lonse mpaka kugwa pathebulo. Nambala yaifupi yopanda DC ndi 2, yaitali ndi 34. Zikasokonekera zonse, madikoda ambiri, kuphatikizapo a ESU ndi Zimo, amabwerera mwakale mukalemba 8 mu CV8, koma opanga ena ali ndi nambala yawo, ndiye onani kapepala.

Kumbali ya magetsi a m'nyumba tili ndi mwayi umodzi: athu ndi a 230 V ndipo mapulagi ndi a mano atatu ofanana ndi a ku Britain, choncho zida zochokera kumeneko zimangolowa. Za ku America zambiri ndi za 120 V, werengani zolembedwa pa adaputa musanailowetse kukhoma. Magetsi akathima zulani pulagi, mudzabwezere atakhazikika.

Chotsalira ndi njanji. DCC imadana ndi litsiro kuposa DC, chifukwa magetsi akaduka pang'ono dikoda imazima n'kuyambiranso, ndipo ya sipika imayambanso kuliza injini kuchokera poyamba. Chinyezi cha ku Senga Bay chimachititsa dzimbiri njanji zakale zachitsulo, ndiye za nickel silver ndizo zoyenera kuno. Nyengo ya mwera fumbi limatera paliponse, ndipo nkhungu zikatuluka m'nyanja n'kutsata nyali ya m'chipinda, zimafera panjanji n'kupondedwa ndi mawilo. Fundani thabwa lonse ndi chitenje mukatha kusewera. Popukuta, kansalu kopanda ubweya konyowetsa ndi isopropyl, yemwe okonza mafoni amatsukira mabodi, n'kokwanira. Sandipepa amasiya timikwasa momwe litsiro limadzakhalamo. Tizida tina takale toyeretsa njanji ndi magetsi amphamvu tinapangidwira DC, ndipo timawotcha madikoda.

Kwa mitu yaifupi ya mawilo anayi, yomwe imaima pamphambano ngakhale njanji ili yoyera, mankhwala ake ndi stay-alive, makapasita osunga magetsi oti dikoda idutsire pomwe paduka. Yosavuta imalumikizidwa pa waya wa buluu ndi pamalo a − a dikoda, ndipo si dikoda iliyonse yomwe malowo ali poonekera, choncho funsani zimenezi musanagule. Ina imasokoneza kuwerenga ma CV pakanjanji kolembera chifukwa imameza magetsi ochepa aja, ndiye muilumikize pomaliza, nambala ndi CV29 mutaika kale.